Ntchito ya Amuna Anga Idali Yophulitsa Nthaka

Nditakwatiwa, amuna anga sadandisiye kwawo monga ankachitira amuna ambiri ogwira ntchito kutali. Adanditenga kupita nane kumunsi, kugombe la nyanja yamchere, komwe ankagwira ntchito ndi gulu lofufuza mafuta a pansi pa nthaka. Ine n'kuti ndisanapitirirepo pa Ulongwe. Ndidakulira pafupi ndi mishoni ya Fonte Boa, m'dziko la mapiri ndi chisanu, ndipo kutentha kwa kugombeko kudandigoneka pamphasa miyezi yoyambirira. Dzikolo ndi lathyathyathya. Ukaima pakhomo, diso limangopita osapeza phiri loti lipumirepo.

Tinkakhala mumsasa wa matenti pakati pa tchire. Nditachira ndidapeza ntchito yochapa zovala za mainjinyeru, akuda ndi azungu omwe, ndipo m'pomwe ndidayamba kuiona ntchito ya amuna anga ndi maso anga. Gulu loyamba linkalambula tchire mzere umodzi wowongoka ngati chingwe. Mzerewo sunkakhota. Kaya pali munda wa chinangwa, kaya mitengo ya kokonati, unkangodutsa. Gulu lachiwiri linkaboola maenje opapatiza koma akuya m'mzeremo. Amuna anga ankabwera pambuyo. Ankatsitsa dinamiti m'dzenje, kulumikiza mawaya, kukwirira, ndipo aliyense akatalikira ankaphulitsa. Nthaka inkadumpha pansi pa mapazi. Ngakhale kumsasa, madzi a m'beseni langa ankanjenjemera.

Ndidawafunsa kuti mafutawo atuluka bwanji ndi kuphulitsa kotere. Adaseka. Adali munthu wokonda kufotokoza zinthu, woti ukamufunsa njira amayamba wakuuza amene adailambula. Adati kuphulitsako si kotulutsira mafuta, koma kofunsira. Kugunda kwake kumatsika pansi, kukakumana ndi mwala kumabwerera, ndipo tizitsulo tomwe anzawo ankazika m'mzeremo timamva kubwererako n'kutumiza ku makina a mu kamyau, galimoto yaikulu yonyamula katundu. Makinawo ankalemba mizere yokhotakhota, ndipo mainjinyeru ankaonerapo m'mene miyala yagonera pansipo.

Tsiku lina adandilowetsa m'chisakasa momwe ankasungiramo miyala yochokera ku chitsime chakuya chomwe gulu lina linkaboola. Miyalayo idali yobulungira ngati minsi yoduladula, yondandalikidwa m'mabokosi aatali. Wina udali wakuda, wosalala, ndipo ukauswa unkanunkha palafini pang'ono. Wina udali wamchenga, woti ukaudonthezera madzi umamwa. Wina udali woyera ngati njereza, ndipo m'kati mwake mudali zigoba za nkhono za m'nyanja, zathunthu, ndi timizere take tomwe. Ndidazikanda ndi chikhadabo. Zidali zitasanduka mwala.

Amuna anga adandiuza zomwe iwonso adamva kwa mainjinyeru. Kalekale, anthu asanakhaleko, pomwe tidaimapo padali nyanja. Inkabwera n'kubwerera, kubwera n'kubwerera, ndipo ulendo uliwonse inkasiya matope, mchenga ndi tizilombo takufa. Dziko la pansi pake linkatsika pang'onopang'ono ngati mbale yaikulu, mbaleyo n'kumadzaza. Zomwe zidali pansi zidapsinjika, zidatenthedwa, n'kuuma kukhala mwala. Mwala wakuda uja ndiwo umabala mafuta. Wamchenga ndiwo umawasunga. Koma pamafunikanso mwala wina wosadutsa kanthu, wovundikira pamwamba, apo ayi ndiye kuti mafutawo adathawa kale. Ndidafunsa ngati zonsezo zakumana kumeneko. Adati mpweya woyaka adaupeza malo ena, koma za mafuta palibe angalumbire asanaboole.

Nkhondo idatipeza kumeneko. Poyamba idali mbiri chabe ya oyendetsa magalimoto. Kenaka kamyau yomwe inkatibweretsera madzi ndi ufa sidafike. Amuna anga adali m'gulu lomwe lidapita kukaifuna. Adakaipeza itapsa pamsewu, woyendetsa akadali pampando wake, wakuda bii. Antchito awiri omwe adakwera kumbuyo adali m'mbali mwa msewu, chafufumimba, makosi atatemedwa ndi zikwanje. Pasanapite nthawi azungu adanyamuka pandege. Miyala ija idatsala m'chisakasa momwemo, ndipo ife tidabwerera kumapiri mosinthasintha magalimoto, aliyense maso ali kutchire.

Tidakakhala kumudzi kwa amuna anga, komwe kudali apongozi anga, mayi wamasiye, ndi alamu anga, mkulu wawo wa amuna anga, omwe ankaphunzitsa ana pa shikola ya m'mudzimo. Amuna anga adabwerera ku khasu. Tidalima kachewere ndi nyemba, ndipo zidabereka. Koma pakamwa pawo sipadachoke kugombe. Pamsika, pamowa, ngakhale podikira kuika maliro, ankasimba za nkhono za m'mwala ndi za nyanja yomwe idagona pamtunda. Anthu ankaseka. Ena ankafunsa ngati pansi pa minda yathu palinso mafuta, iwo n'kuyankha kuti ayi, miyala ya kwathu kuno ndi yakale kwambiri ndiponso yolimba, si yamtundu uja, ife tizingolima kachewere. Za nkhonozo anthu ankaziiwala akangomwazikana. Chomwe chinkawatsalira m'mutu chidali chimodzi: munthu uyu amadziwa kuphulitsa.

Apongozi anga ndiwo adayamba kuda nkhawa. Ankawauza kuti achepetse nkhani za dinamiti, chifukwa m'nyengo ngati imeneyo sudziwa kuti womvera wako madzulo akagona kuti. Amuna anga ankavomera, mawa lake n'kuyambiranso. Sadali munthu wodzitama. Ntchito ija ankaikonda, ndipo ankaisowa.

Anthu a m'tchire, amfuti omwe ankamenyana ndi boma, adabwera nyengo yokumba kachewere, m'mawa dzuwa litakwera. Ine ndidali ndi pakati pongoyamba kumene, pomwe ankadziwa ndi amuna anga ndi apongozi anga okha. Tidali kudimba, ndipo choyamba kumva chidali kulira kwa mbuzi ndi agalu. Titadzutsa mitu tidaona utsi ku shikola. Tisanaganize kothawira, amuna atatu amfuti adatulukira m'mphepete mwa dimba, zovala zawo zosiyanasiyana, wina wopanda nsapato. Adatikusa ngati ng'ombe mpaka pabwalo la shikola, pomwe tidapeza mudzi wonse utakhala pansi.

Alamu anga adali atawatulutsa kale m'kalasi. Adali atawavula malaya, manja atamangidwa kumbuyo. Mmodzi wa amfutiwo adalengeza kuti aphunzitsi ndi maso a boma, ndipo aliyense ayang'ane, wotseka maso atsatira. Sadagwiritse ntchito chipolopolo. Adatumiza munthu kukatenga musi pakhomo loyandikana nalo. Alamu anga adawagonetsa pansi, mutu pa mwala womwe ana ankakhalapo podya. Kumenya koyamba adafuula kuitana amayi awo. Kwachiwiri sadafuulenso. Womenyayo adapitirizabe mpaka musiwo udafiira kufika pogwirira. Apongozi anga adali pambali panga, ndipo ndidawagwira pakamwa ndi dzanja langa kuti asalire mokweza. Adandiluma chala mpaka magazi, osadziwa kuti akundiluma.

Atatha, yemwe ankalankhula uja adapukuta manja pa buluku lake n'kufunsa kuti ali kuti munthu wodziwa dinamiti. Palibe adaloza. Koma anthu akamayesetsa kusayang'ana mbali imodzi, mbaliyo imaonekera. Wamfutiyo adayenda pang'onopang'ono pakati pathu, n'kuima patsogolo pa apongozi anga, n'kuwaika mfuti pamphumi. Amuna anga adaimirira.

"Ndine," adatero. "Asiyeni amayi."

Wamfutiyo adawafunsa ngati ali ndi mkazi. Amuna anga adakana, koma mayi wina kumbuyo adandiyang'ana, ndipo zidakwanira. Adanditenganso, akuti munthu amene mkazi wake ali pafupi sathawa.

Tidanyamuka gulu lalikulu, aliyense atasenza zomwe adalanda: matumba a kachewere wathu yemwe, ufa, nkhuku, zofunda. Tidayenda m'njira za m'mapiri, kupewa misewu. Mapazi adatupa, kenaka adang'ambika. Bambo wina wachikulire wa m'mudzi mwathu, yemwe adasenza thumba la nyemba, adayamba kutsalira. Adagwa, adadzuka, adagwanso. Wamfuti wina adawafunsa mwaulemu ndithu ngati atopa ndipo akufuna kupuma. Bambowo adati inde, pang'ono pokha. Adawatengera kuseri kwa chulu. Tidamva nkhwangwa, ndipo wamfutiyo adabwerera yekha n'kusenzetsa thumbalo mayi wina pamwamba pa katundu wake. Kuyambira apo palibe adanenanso kuti watopa.

Baze yawo, ndiye kuti msasa wawo, idali m'chigwa chobisika pakati pa matanthwe, timisasa taudzu pansi pa mitengo. Ife akazi adatiika kosinja ndi kotunga madzi. Zina zomwe zinkachitikira akazi kumeneko ndidaziona, ndipo ndizisiya. Ine sadandikhudze chifukwa komandanti wawo adalamula kuti mkazi wa munthu wa dinamiti asiyidwe kufikira ntchito itatha. Mawu oti "kufikira ntchito itatha" ndinkadzuka nawo n'kugona nawo.

Komandantiyo adali munthu wamfupi, wowonda, wolankhula motsitsa. Sadali wa kwathu. Adatiitanitsa tonse awiri masana ena, iye atakhala pa mpando wa m'tchalitchi womwe adaulanda kwinakwake. Adayamba m'Chipwitikizi, koma atamva dera lomwe amuna anga ankagwirako ntchito adasintha n'kulankhula chilankhulo cha kugombe. Amuna anga ankachidziwa, inenso ndinkatolako. Adatchula mtsinje wina ndi mudzi wina, n'kufunsa ngati mzere wawo udadutsa kumeneko. Amuna anga adavomera kuti udadutsa.

Komandantiyo adati kumeneko ndi kwawo. Adati mzerewo udadula mitengo ya kokonati yomwe adabzala bambo ake, udapita pamphepete pa manda, ndipo ataphulitsa, chitsime cha amayi ake chidagumukira m'kati. Adati adawauza kuti apirire, mafuta akatuluka onse adzalemera. Ankalankhula osakweza mawu, akusewera ndi mpeni pabondo.

"Tsono undiuze iwe amene unkaphulitsa," adatero. "Pansi pa mudzi wathu pali mafuta?"

Ine ndinkapemphera mumtima kuti anene kuti alipo. Koma amuna anga sankatha kunama pa nkhani ya miyala. Adayamba kufotokoza monga ankachitira pamsika, za mwala wakuda, za wamchenga ndi za wovundikira. Adati miyala yoyenera ilipo, chifukwa dera lonselo lidali pansi pa nyanja, koma pamudzi pawo penipenipo palibe adaboolapo.

"Sindikudziwa, akomandanti. Palibe akudziwa."

Komandantiyo adadzuka, adatenga mfuti ya womulondera, n'kuwamenya amuna anga ndi thako lake pakamwa. Mano awiri adagwera m'dothi. Adawamenyanso m'nthiti atagwa, uku akunena kuti mudang'amba dziko lathu lonse, mudagumula chitsime, ndiye ukuti sukudziwa. Atatopa adalamula kuti manja awo asawakhudze, chifukwa akufunika.

Ntchito yake idali mlatho. Adali ndi mabokosi a dinamiti omwe adalanda pamsasa wa okonza misewu, koma padalibe wodziwa kumugwiritsa ntchito bwino. Adayesapo okha pa mlatho wina, n'kungoukanda, mnzawo mmodzi n'kutsalira pomwepo. Tsopano ankafuna mlatho wa simenti pa msewu womwe magalimoto a asilikali ankadzera popita ku Ulongwe.

Tidapita gulu laling'ono. Amuna anga adasenza bokosi limodzi, ine mawaya. Padalinso akaidi awiri, amilisiya, anthu a m'midzi omwe boma lidawapatsa mfuti kuti azilondera. Adawagwira masiku apitawo ndipo nkhope zawo zidali zotupa. Mmodzi ndidamuzindikira. Adali wa mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo ankagulitsa nyama ya nkhumba pamsika. Ndinkaganiza kuti awatenga kuti asenze katundu.

Tidafika pamlathowo dzuwa lili pamutu. Msewu udali zii. Adandigwaditsa pamtunda, poonekera, wamfuti mmodzi ataima kumbuyo kwanga, nsonga ya mpeni wa pamfuti ili pakhosi panga. Amuna anga adatsikira pansi pa mlatho. Ndinkawaona akuyenda m'madzi ofika m'mawondo, akugogoda mizati, akuyang'ana m'mwamba. Ankagwira ntchito mosamala, monga momwe ndinkawaonera kugombe, kupukuta manja asanagwire waya, kuyesa mfundo iliyonse kawiri. Nthawi ndi nthawi ankatembenuka kundiyang'ana.

Atatuluka n'kuyamba kutambasula waya kupita kuseri kwa thanthwe, komandanti adapereka chizindikiro. Amfuti adakokera amilisiya aja pamlatho n'kuwamangirira ku zitsulo za m'mbali. Wogulitsa nyama uja adayamba kulira, kutchula ana ake. Winayo adangoweramitsa mutu. Amuna anga adasiya waya n'kugwada patsogolo pa komandanti. Adati adavomera mlatho, sadavomere anthu. Adapempha kuti awamasule, kapena aphulitse wina. Magazi ankatuluka m'kamwa mwawo polankhula.

Komandantiyo adangoyang'ana kwa wamfuti wa kumbuyo kwanga, ndipo mpeni udalowa pang'ono. Ndidamva kutentha kukutsika m'khosi kulowa m'bulauzi. Sindidafuule. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina mawu adali atatha.

Amuna anga adadzuka, adapita kuseri kwa thanthwe, n'kugwira mawaya.

Kuphulika kwa kugombe kunkachitikira pansi, kunkamveka m'mapazi. Uku kudali kwa pamtunda. Kudandigwetsa chagada, ndipo kwa kanthawi dziko lonse lidali loyera, lopanda phokoso. Kenaka zinthu zidayamba kugwa kuchokera kumwamba: miyala, zitsulo, madzi, ndi zina zofewa zomwe zinkagwa mosalira. Chimodzi chidagwera pafupi ndi bondo langa. Chidali ndi chala. Fumbi litachepa, pakati pa mlatho padalibe kanthu, ndipo mtsinje unkadutsa pa zibuma za simenti.

Amfutiwo adakondwa, ena adaombera m'mwamba. Kukondwako sikudakhalitse. Kutsidya kudali asilikali a boma omwe ankabwera wapansi m'mbali mwa msewu, ndipo adayamba kuombera. Wamfuti yemwe ankandilondera chipolopolo chidamupeza m'chibwano, adagwa pamiyendo panga akuphupha. Aliyense adathawira kwake. Amuna anga adandipeza ndikukwawa, adandikoka pamkono, ndipo tidagubudukira m'bango la m'mphepete mwa mtsinje. Tidagona m'matope, madzi ali m'khosi, zipolopolo zikudula bango pamwamba pathu. Tidamva komandanti akuitana anthu ake, mawu akunka natalikira. Tidakhala momwemo mpaka mfuti zidaleka, ndipo tidatsata mtsinje chokwawa kufikira tidalowa m'minda.

Ulendo wobwerera kumudzi amuna anga sadalankhule. Munthu yemwe sankatha kudutsa mwala osaunenapo kanthu ankangoyenda, maso pansi. Tinkadya chinangwa chachiwisi ndi nzimbe za m'madimba osiyidwa. Bala la pakhosi panga adalimanga ndi mkono wa malaya awo. Nditawauza kuti sadachite kufuna, adandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo.

Mudzi tidaupeza theka utapsa. Nyumba yathu idalibe denga. Apongozi anga ankagona m'kakhitchini, ndipo atationa sadathamange kapena kulira. Adangotigwira kumaso mmodzimmodzi, n'kutipatsa madzi. Alamu anga adali ataikidwa kale kuseri kwa nyumba, chifukwa anthu ankaopa kupita kumanda.

Anthu ambiri adali atawolokera ku Malawi. Ine ndidapempha kuti nafenso tinyamuke mawa lomwelo. Apongozi anga adagwirizana nane. Amuna anga adakana. Adati sangachoke asanakaonane ndi abale a wogulitsa nyama uja, kuti akawauze okha m'mene mwana wawo adafera ndi pomwe adafera, kuti asamangomudikira. Ndidawauza kuti akawapha. Adati mwina. Ndidawakumbutsa za mimba. Adati tidikire mapazi anga aphwe, chifukwa sindikadatha kufika kumalire m'mene ndidalirimo. Zidali zoona, koma ndidadziwa kuti si chifukwa chokhacho.

Sadafike kokaonana nawoko. Mbiri idawatsogolera. Mmodzi wa omwe tidagwidwa nawo, yemwe adali m'gulu lopita kumlatho lija, adathawanso tsiku la pamlatho, ndipo adasimba zomwe adaona. Amilisiya adabwera masana, tikukonza denga. Amuna anga adali pamwamba akumanga udzu, ine ndikuwaponyera mitolo. Adatsika okha asanaitanidwe.

Adawatengera pabwalo la shikola lomwe lija. Makoma adali akuda ndi utsi, mwala uja udali pomwepo. Anthu otsala m'mudzi adawaitana kuti adzaonerere. Yemwe ankatsogolera adali mng'ono wake wa wogulitsa nyama uja, ndipo ankafanana naye kwambiri. Adawamanga amuna anga zigongono kumbuyo ndi chingwe chonyowa mpaka chifuwa chidatukuka. Adawafunsa ngati ndiwo adaphulitsa mlatho. Adavomera. Adawafunsa ngati adaona kuti pamlathopo pali anthu. Adavomeranso.

Ine ndidadzigwetsa pakati pawo. Ndidamasula nsanza ya pakhosi n'kuwaonetsa bala. Ndidafotokoza za mpeni, za mano, za alamu anga omwe adaphedwa pabwalo lomwelo anthu onsewa akuona. Ndidatchula anthu omwe adali pamenepo kuti anene ngati ndikunama. Palibe adatsutsa, koma palibenso adatsegula pakamwa. Mmodzi wa amilisiyawo, bambo wachikulire, adati mwina nkhaniyi ipite ku Ulongwe akaiweruze akuluakulu. Mng'ono wa malemuyo adati mkulu wake sadapite ku Ulongwe.

Adandikankhira kumbali ndi phazi. Adayamba kuwamenya ndi matako a mfuti, m'mapewa, m'mawondo, kumutu. Amuna anga adagwa cham'mbali chifukwa manja adali omangidwa, ndipo sankatha kudziteteza kumaso. Pakati pa kumenyako ndidamva akuyesa kulankhula. Mnyamatayo adaimitsa anzake n'kuwerama kuti amve.

"Adatchula ana ake," adatero amuna anga. "Ndimafuna ndidzakuuzeni zimenezo."

Mnyamatayo adaimirira. Ndidaganiza kuti awasiya. Adawagwira kolala, adawakokera kuseri kwa kalasi, ndipo tidamva mfuti kawiri.

Adatiloleza kutenga mtembo dzuwa litapendeka. Amuna a m'mudzi ankaopa kuoneka akuthandiza, choncho tidanyamula ine ndi apongozi anga pa chitseko, kupuma panjira kangapo. Tidawasambitsa tokha. Chingwe chija chidali chitalowa m'mnofu, ndipo tidachita kuchidula ndi mpeni wosendera kachewere. Bambo wachikulire uja, mmilisiya yemwe adanena za ku Ulongwe, adabwerera yekha atasiya mfuti, n'kutikumbira dzenje pambali pa alamu anga. Sadalankhule nafe ndipo ife sitidamuthokoze. Dzenjelo silidali lakuya chifukwa pansi padali thanthwe. Apongozi anga adatsogolera pemphero, poti padalibe wina.

M'mawa mwake tidanyamuka kulowera kumalire ku Kalomwe, podzera m'njira za m'minda. Ndidatenga chofunda chimodzi ndi kapoto. Apongozi anga adasenza kathumba ka nyemba. M'njira tidakumana ndi ena othawa, ena ndi mbuzi, ena atanyamula odwala panjinga, ndipo tidayenda nawo. Mapazi anga adatsegukanso, ndipo apongozi anga adang'amba mpango wawo wa kumutu n'kundimanga nawo.

Titafika pachitunda pomwe tinkaona nyumba za ku Dedza ndi msewu wa magalimoto, apongozi anga adatula kathumba kaja n'kundisenzetsa. Ndidaganiza kuti atopa. Adati iwo afika, abwerera.

Ndidawagwira chitenje. Ndidati kumudzi kulibe chotsala, amfuti adzabweranso, ndipo mwana akadzabadwa ndidzasowa wondithandiza. Adati ndikapeza amayi ena kumeneko, akazi sasowa pobereka. Adati dzenje lija ndi losaya, ndipo afisi ayamba kale kuzungulira m'mudzi. Wina ayenera kukaunjikapo miyala.

"Ana anga onse awiri ali kuseri kwa nyumba ija," adatero. "Iwe pita ndi uyo."

Adandisisita pamimba kamodzi, n'kutembenuka. Ndidaima pomwepo kuwayang'ana akutsika chitundacho, mutu uli pamtunda wopanda mpango, mpaka adalowa m'chimanga chouma. Anthu omwe ndidali nawo adandiitana kuti tiziwoloka kusanade.

Mwana adabadwira mumsasa wa othawa nkhondo, wamkazi, nyengo ya mvula. Adandithandiza mayi wina wa ku Tsangano yemwe ndidagona naye tenti imodzi. Za apongozi anga ndidamva patapita chaka, kwa munthu wa kumudzi yemwe adawoloka mochedwa. Adati miyala adaunjikadi, pamanda onse awiri, ankaisenza umodziumodzi kuchokera kumtsinje. Adakhala yekha m'kakhitchini kaja mpaka chifuwa chidawatenga m'nyengo yachisanu, ndipo omwe adatsala m'mudzimo adawaika pomwepo.